Lembani malamulo a bawo, kenako mutseke pakamwa

Ku British Museum, mumzinda wa London, kuli kathabwa kokongola ka zaka pafupifupi 4,600. Kanapezeka m'manda achifumu mumzinda wakale wa Ur, kum'mwera kwa dziko limene lero timalitcha Iraq, pamene gulu la Leonard Woolley linkakumba kumeneko pakati pa 1922 ndi 1934. Pakathabwapo pali timabokosi 20, tina tojambulidwa duwa. M'manda omwewo anapezamonso tinthu toyendetsa pathabwa, 7 mbali iyi 7 mbali inayo, pamodzi ndi madayisi a nsonga zinayi. Aliyense woona ankadziwiratu kuti awa ndi masewera. Koma ankasewera bwanji? Apa ndiye panagona nkhani. Thabwa lilipo, zosewerera zilipo, koma anthu odziwa malamulo ake anapita kalekale.

Mwayi unabwera m'zaka za m'ma 1980. Irving Finkel, katswiri wowerenga zilembo zakale za ku Mesopotamia wa ku British Museum komweko, anamasulira phale ladongo limene mlembi wina wa ku Babylon, Itti-Marduk-balatu, analemba m'chaka cha 177 BC. Phalelo likukamba za masewera a timabokosi 20 omwewa monga ankaseweredwera m'nthawi ya mlembiyo. Likutchula tinthu toyendetsa tisanu tokhala ndi mayina a mbalame, nambala imene kalikonse kamafuna kuti kalowe m'masewera, komanso zimene munthu amapindula kakaima pa duwa. Koma chinthu choyambirira chimene mlendo angafunse, njira imene tinthuti timatsata pathabwa kuyambira polowera mpaka potulukira, mlembiyo sanachifotokoze momveka. Amene amasewera masewerawa lero amatsata njira imene akatswiri anachita kuilingalira.

Ine mlembiyu sindimuimba mlandu. Akanalemberanji njirayo? Ku Babylon mwana aliyense ankaidziwa. Ndipo vuto lalikulu polemba malamulo a masewera ndi lomweli. Zovuta timakumbukira kuzilemba. Zimene zimasowa papepala ndi zimene tinazizolowera kwambiri mpaka tinasiya kuziona.

Nyimbo imene ikumveka m'mutu mwanu mokha

Zimenezi zinayesedwapo. M'chaka cha 1990, Elizabeth Newton, amene ankaphunzira za kaganizidwe ka anthu ku Stanford University ku America, anagawa anthu m'magulu awiri. Ena ankagogoda patebulo ndi chala motsatira nyimbo yodziwika bwino, osaimba. Enawo ankamvetsera n'kutchula dzina la nyimboyo. Asanamve yankho, ogogodawo ankaganiza kuti anzawo azindikira pafupifupi theka la nyimbozo. Pa nyimbo 120 zimene zinagogodedwa, omvetsera anazindikira 3 zokha. Imeneyo ndi 2.5 peresenti, pamene ogogoda ankayembekezera 50.

Yesani pa buleki ndi mnzanu wokhala naye desiki imodzi. Gogodani nyimbo ya fuko, musamuuze. Inuyo muziimva yonse m'mutu mwanu, mawu ake, kukwera ndi kutsika kwake, ndipo mudabwa kuti mnzanuyo akulephera bwanji chinthu chophweka chonchi. Iye akungomva go, go-go, go. Basi.

Wolemba malamulo ali ngati wogogoda uja. Masewera onse akuyenda m'mutu mwake, pamene wowerenga ali ndi mawu apapepala okha.

Tiyeni tiyese ndi bawo

Ndasankha bawo chifukwa ambiri a ife tinaiphunzira popanda pepala. Umaima kumbuyo kwa akuluakulu pansi pa mtengo kapena pakhonde la golosale, n'kumaonerera. Tsiku lina wina akupatsa mpata, ulakwitsa, akukalipira, uphunzira. Njira imeneyi ndi yabwino ndithu, koma imafuna kuti wodziwa akhale pomwepo. Pepala limayenda lokha.

Thabwa la bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi maenje 32, ndipo njere zosewerera ndi 64. Wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Tisatenge masewera onse. Titenge kachigawo kamodzi kokha: kugawa njere pamene zonse zalowa kale pathabwa ndipo palibe chodya. Mukapempha wosewera kuti alembe lamulo limeneli, kawirikawiri alemba zonga izi:

"Tenga njere m'dzenje n'kumagawa m'maenje otsatira mpaka zithe. Ukagwera pamene pali njere, pitiriza. Ukagwera popanda kanthu, wagona."

Wodziwa bawo akawerenga angogwedeza mutu, zoona, ndi mmene zimakhalira. Tsopano yerekezani kuti pepalali lafika kwa munthu amene bawo sanaionepo chibadwire. Dzenje lake liti, langa kapena lililonse? Nditenge njere zonse kapena zingapo? Dzenje la njere imodzi likuloledwa? M'dzenje limene ndatolamo ndisiyemo imodzi? Ndilowere kumanja kapena kumanzere? Ndikafika kumapeto kwa mzere ndiwolokere kwa mnzanga? Funso limeneli si lachibwana ayi, chifukwa m'masewera a oware a ku Ghana, achibale ake a bawo amene ali ndi mizere iwiri yokha, njere zimawolokadi kupita mbali ya mnzako. Nanga "ukagwera" akunena njere iti? Ndipo "wagona" ndiye kuti chiyani, waluza?

Ziganizo zitatu zabala mafunso asanu ndi atatu. Tiyeni tilembenso:

"Sankhani dzenje limodzi la mbali yanu lokhala ndi njere 2 kapena kuposa. Tolani njere zonse za mmenemo. Sankhani kolowera, kumanja kapena kumanzere. Kuyambira dzenje loyandikana nalo, ikani njere imodzi m'dzenje lililonse, mukuzungulira mizere yanu iwiri yokha. Yang'anani pamene yagwera njere yomaliza. Ngati dzenjelo linali lopanda kanthu, ulendo wanu watha ndipo asewere mnzanu. Ngati munali njere, tolani zonse za mmenemo, pamodzi ndi imene mwangoikayo, n'kupitiriza kugawa molowera komwe kuja."

Latalikirapo, inde. Akatswiri a bawo anenanso kuti pali zina ndadumpha, ndipo sakunama, ndazidumpha dala. Koma onani mmene lamangidwira. Chiganizo chilichonse chikulamula chinthu chimodzi. Ziganizozo zikutsatana monga mmene dzanja limachitira. Ndipo pamene njira ikugawikana, pa njere yomaliza paja, nthambi zonse ziwiri zatchulidwa: ngati zili chonchi chitani ichi, ngati zili mwina chitani icho.

Amene mukuphunzira Computer Studies mwazindikira kale. Imeneyi ndi algorithm, ndondomeko ya masitepe imene ngakhale wosadziwa cholinga chake atha kuitsata n'kupeza zotsatira zolondola. Liwuli linachokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Jambulani lamulo lathuli ngati flowchart, mabokosi ndi mivi. Ngati pali bokosi la funso limene likutulutsa muvi umodzi wokha, wa "inde" popanda wa "ayi", mwapeza bowo. Ine ndimaona kuti njira imeneyi imagwira mabowo ambiri kuposa kuwerenga pepala kakhumi, chifukwa maso amadumpha chimene ubongo wadzaza wokha, pamene muvi wosowa umaoneka poyera.

Ulendo wosatha

Muli bowo lina m'lamulo lathu lokonzedwalo, ndipo ndi losangalatsa kwabasi. Lamulo likuti mukagwera pamene pali njere, pitirizani. Nanga mukamangogwera pamene pali njere nthawi zonse?

Ganizani mwa masamu. Pa ulendo wopanda kudya, njere zanu sizichuluka, sizichepa, zikungozungulira m'maenje 16. Njira zoyalira njere zimenezi m'maenje 16 ndi zambirimbiri, koma zili ndi malire. Komanso mukangoyamba kugawa simusankhanso kanthu, lamulo ndi limene likuyendetsa dzanja. Ndiye pali zotheka ziwiri zokha. Kapena njere yomaliza idzagwera m'dzenje lopanda kanthu, ulendo n'kutha. Kapena tsiku lina njere zidzayalidwa ndendende ngati mmene zinayalidwirapo kale, dzanja lili pa dzenje lomwe lija, likulowera komwe kuja. Zikatero zonse zimene zinatsatira poyamba zitsatiranso, n'kubwereranso pomwepo, mpaka kalekale.

Zimenezi si nthano. Alex de Voogt, wofufuza wa ku Netherlands amene anaphunzira za akatswiri a masewerawa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1990, analemba limodzi ndi anzake awiri, Tom Kronenburg ndi Jeroen Donkers, nkhani ya kafukufuku m'chaka cha 2006 yokamba za maulendo osatha oterewa. Alipodi, ngakhale kuti sapezeka wamba. Munthu atha kusewera moyo wake wonse osakumana nawo. Koma mukaika lamulo lathu lija m'kompyuta mmene lilili, n'kuisiya isewere kambirimbiri, tsiku lina idzangoima njii, ikugawa njere zosatha. Anthu akatopa amaseka n'kugwirizana chochita. Kompyuta siitopa ndipo siseka.

Masewera akuluakulu onse anakumana ndi vuto la kuzungulira pamodzimodzi, ndipo aliwonse anatseka bowolo mwa njira yawo. M'masewera a Go, ochokera ku China, muli lamulo lotchedwa ko, loletsa kubwezera thabwa nthawi yomweyo mmene linalili mnzako asanasewere. Mu chess, thabwa likaoneka chimodzimodzi katatu wosewera angathe kupempha kuti masewera athe mofanana mphamvu. Angathenso kutero ngati aliyense wayenda maulendo 50 popanda kudya kanthu kapena kusuntha pawn, kamsilikali kakang'ono kaja. Koma taonani liwu lakuti "angathe". Nanga onse awiri akapanda kupempha? Masewera akanatha kupitirira mpaka oyang'anira atagona. Choncho kuyambira 2014 bungwe la FIDE, loyang'anira chess padziko lonse, linawonjezera kuti thabwa likabwereza kasanu, kapena pakadutsa maulendo 75 otere, masewera atha basi, wina apemphe kapena asapemphe. Masewera a zaka mazanamazana, koma akusokererabe zigamba m'nthawi yathu ino.

Timawu ting'onoting'ono

"Angathe" ndi "ayenera" ndi timawu timene timayambanitsa anthu kwambiri. Pa draft ya zitsekerero za mabotolo ija, kodi mpata wakudya ukapezeka uyenera kudya, kapena ungathe kudya ukafuna? Pa malamulo a mipikisano kudya ndi kokakamiza. Ena pamsewu amasewera kuti ukapanda kudya, mnzako amachotsa chitsekerero chimene chinayenera kudyacho. Awatu ndi masewera osiyana, chifukwa pamene kudya kuli kokakamiza ukhoza kumutchera mnzako msampha pomupatsa chimodzi kuti iwe udye zitatu. Pa bawo napo kudya kukapezeka sumakuthawa. Polemba sankhani liwu limodzi mwa awiriwa mwadala, ndipo musalembe kuti "wosewera amadya", chifukwa chiganizo chimenecho chikungofotokoza chizolowezi, sichikunena ngati pali ufulu wokana.

Chinanso, chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi. Aphunzitsi a Chichewa amatiuza kuti pa chimangirizo tisamabwereze liwu lomwelomwelo, ndipo pa chimangirizo akunena zoona. Pa malamulo n'zosiyana. Mukayamba ndi "njere" musasinthe pakati n'kuti "timiyala", kenako "mbewu". Wowerenga wosamala aganiza kuti ndi zinthu zitatu ndipo ayamba kufunafuna timiyala m'bokosi. Chimodzimodzi "ulendo": ngati ukutanthauza zonse zimene wosewera amachita kufikira mnzake atayamba, nenani kamodzi pachiyambi, ndipo liwulo lisagwirenso ntchito ina. Kubwereza kumatopetsa khutu koma kumapulumutsa masewera.

Mawu awiri okha atha kutseka bowo lalikulu. Mu chess, pawn ikafika kumapeto kwa thabwa imasinthidwa kukhala chida champhamvu. Mukangolemba kuti "chida chilichonse", mwalola kuti munthu asankhe mfumu yachiwiri, kapena chida cha mtundu wa mdani wake. Mukuti ndani angachite zopusa zotero? Opeka mafunso a chess anasonyeza mwanthabwala kuti pali nthawi imene kuika chida cha mdani pamalopo kumatsekera mfumu yake pothawira, iwe n'kupambana. Lamulo la lero limatchula zida zinayi zololedwa mayina awo, n'kunenanso kuti chikhale cha mtundu wa pawn yomweyo. Polemba malamulo muziganizira mnzanu uja wokonda kupezerera, amene amawerenga chiganizo chilichonse akufunafuna polowera. Kalasi iliyonse ili naye. Mwina ndinu.

Tsopano masamu pang'ono, kuti muone kuti kusamveka kwa chiganizo kumayezeka ndi manambala. Tinene kuti mwapeka masewera anu a madayisi awiri, ndipo mwalemba kuti: "Simungayambe kuyenda mpaka mutapeza 6." Kodi 6 wake ndi wophatikiza madayisi onse awiri, kapena 6 woonekera pa dayisi imodzi? Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Zophatikiza kukhala 6 ndi zisanu: 1 ndi 5, 2 ndi 4, 3 ndi 3, 4 ndi 2, 5 ndi 1. Mwayi wake ndi 5 pa 36, pafupifupi 14 peresenti. Njira zimene 6 amaonekera pa dayisi imodzi kapena onse awiri ndi 11, pafupifupi 31 peresenti. Gulu lina limva kuti zonse ziwiri n'zololedwa, ndiye 16 pa 36, pafupifupi 44 peresenti. Gulu loyamba lizidikira maulendo 7 pa avereji lisanayambe kuyenda, lachiwiri maulendo atatu, lachitatu awiri. Oyambawo adzakuuzani kuti masewera anu ndi otopetsa, pamene sanasewere n'komwe masewera amene inu munapeka.

Kufupikitsa

Pofika pano wina aganiza kuti mankhwala ake ndi kulemba chilichonse, masamba khumi. Ayi ndithu. Malamulo aatali sawerengedwa, ndipo lamulo losawerengedwa n'chimodzimodzi losalembedwa.

Chitsanzo chabwino ndi Monopoly, masewera ogula ndi kubwereketsa malo amene kampani ya Parker Brothers inayamba kugulitsa mu 1935, ochokera ku masewera amene Lizzie Magie analembetsa mu 1904. Anthu ambiri amadandaula kuti Monopoly siitha. Koma m'malamulo ake muli lakuti wosewera akaima pa malo opanda mwini n'kukana kugula, banki igulitse malowo pa okushoni nthawi yomweyo. Mabanja ambiri lamuloli salitsata, ena salidziwa n'komwe. Ambiri amaunjikanso ndalama za misonkho pakati pa thabwa kuti woima pa Free Parking atole, chinthu chimene m'malamulo olembedwa mulibe. Zonse ziwirizi zimatalikitsa masewera: malo amachedwa kupeza eni, ndipo ndalama zimene zinayenera kutuluka m'masewera zimabwerera kwa osewera. Zinachitikanso ndi makadi a Uno. Mu 2019 eni ake analengeza pa Twitter kuti sizololedwa kuponya khadi la +2 pamwamba pa +4 pofuna kukankhira chilango kwa wotsatira, ndipo anthu ochuluka anakwiya, ena mpaka kuwauza eni akewo kuti sadziwa kusewera. Anthu amaphunzira masewera kwa anzawo, pepala amalitsegula pokhapokha mkangano ukabuka.

Ndiye pepala lanu ligwire ntchito ziwiri: kuphunzitsa woyamba kumene, ndi kuweruza mkangano. Pa ntchito yoyamba, yambani ndi cholinga. Munthu akadziwa kuti pa bawo umapambana mnzako akatsala wopanda njere mumzere wakutsogolo kapena akasowa poyenda, malamulo ena onse amapeza pokhala m'mutu mwake. Kenako kayalidwe ka thabwa, ndipo apa chithunzi chimodzi chimaposa ndime yonse. Kenako zochita pa ulendo umodzi. Zochitika kamodzikamodzi, monga ulendo wosatha uja, zipite kumapeto pansi pa mutu wawo, kumene woweruza mkangano akazipeze msanga. Malangizo a kaseweredwe kanzeru asasakanikirane ndi malamulo. "Ndi bwino kuteteza mzere wakutsogolo" ndi malangizo, koma woyamba kumene adzawatenga ngati lamulo n'kumaopa kusuntha.

Pofupikitsa ndimagwiritsa ntchito funso limodzi pa chiganizo chilichonse: ndikachichotsa, pali amene asewere mosiyana? Ngati palibe, chichoke. Mawu onga "monga mukudziwa", "mwachidziwikire", "mosamala" amachoka onse. Koma "pamodzi ndi imene mwangoikayo" m'lamulo lathu lija akhale, chifukwa popanda mawu amenewo wina asiya njere imodzi m'dzenje ndipo ulendo wonse usokonekera.

Pali kanthu kena kamene bawo imatiphunzitsa. Ku Zanzibar, poyamba masewera amaika njere 6 m'dzenje lapadera lija la makona anayi, 2 ndi 2 m'maenje awiri oyandikana nalo, ndipo wosewera amatsala ndi 22 m'manja. Kuno ku Malawi m'dzenje limenelo timaikamo 8, n'kutsala ndi 20. Onse akukwanitsa 32, ndipo palibe wolakwa. Mukamalemba malamulo a masewera amene anthu akusewera kale, mupeza kusiyana kotere ngakhale pakati pa midzi iwiri. Musakubise, komanso musasakanize. Sankhani kaseweredwe kamodzi, lembani pamwamba kuti ndi ka kuti, ndipo kusiyana kumene mukukudziwa mukuike kumapeto. Pepala lili ndi mphamvu yoipa yochititsa anthu kuganiza kuti zolembedwa ndiye zoona, za agogo awo ndiye zolakwika.

Kuyesa

Gawo ili ndi limene limasandutsa ntchitoyi kukhala sayansi. Pepala lanu lili ngati hypothesis, ganizo lofunika kuyesedwa, lakuti munthu wosadziwa masewerawa akawerenga izi asewera molondola. Opanga masewera amaliyesa popereka bokosi ndi pepala kwa anthu achilendo, iwo n'kukhala pambali osayankhula.

Pezani anthu awiri osadziwa masewerawo. Apatseni thabwa, njere ndi pepala. Khalani pambali ndi kope. Ndiye mutseke pakamwa. Izi zimamveka zophweka koma ndi zowawa zedi. Ndinaonererapo mtsikana wina wa Fomu 3 akuyesa malamulo a masewera amene anapeka yekha. Anzake awiri atangoyamba kuyendetsa zitsekerero mobwerera m'mbuyo, iye anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapazi akupondaponda pansi. Mmodzi anacheuka n'kufunsa, "Iwe, tikulondola eti?" Iye anangoloza pepala. Anachita bwino, chifukwa akanangoyankha, kuyesako kukanathera pomwepo. Akanakhala akuyesa pepala pamodzi ndi mwini wake, pamene mwiniyo sadzalowa m'bokosi kupita nawo kwa ogula.

M'kope lembani zinthu zitatu: pamene aima n'kubwerera kukawerenganso, pamene atsutsana, ndi pamene alakwitsa onse awiri mosangalala osazindikira. Chachitatuchi ndiye choopsa, chifukwa mukadzawafunsa pamapeto adzati zonse zinamveka bwino. N'chifukwa chake kufunsa kuti "mwamva?" sikuyesa kanthu. Yang'anani manja awo.

Akalakwitsa mtima umafuna kunena kuti sanawerenge bwino. Mwina n'zoona. Koma anthu awiri osiyana akapunthwa pa chiganizo chimodzimodzi, vuto lili pa chiganizocho. Konzani, ndipo monga mu labu, musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi pamalo amodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza. Kenako pezani anthu ena atsopano. Oyamba aja sangagwirenso ntchito, nyimbo ija yalowa kale m'mutu mwawo. Pasukulu yogonera komweko zimenezi sizivuta, hositelo ina ili pafupi. Mukafuna kuyesa kowawa kwambiri, perekani pepalalo kwa mwana wa Sitandade 7, kapena muwerengereni munthu pafoni iye ali ndi thabwa kutsogolo kwake.

Lamulo la kudya pa bawo ndalisiya dala kuti mulilembe nokha. Poyambira ndi apa: njere yomaliza ikagwera m'dzenje la mzere wanu wakutsogolo limene munali kale njere, ndipo dzenje la mnzanu loyang'anana nalo lili ndi njere, mumatola za mnzanuzo. Kuchokera pamenepo mafunso ayamba. Njere zodyedwazo mumayamba kuzigawa kuchokera kumapeto kwa mzere wanu wakutsogolo, koma mapeto ake ati, akumanja kapena akumanzere? Yankho limasintha ngati mwadyera m'maenje awiri a kumphepete kapena m'maenje anayi a pakati. Njere zanu za m'dzenje limene mwadyeralo zimatsala kapena zimanyamulidwa? Dzenje la makona anayi lija lili ndi malamulo akeake, muwaika pati kuti asasokoneze woyamba kumene? Pitani kwa wosewera wodziwa, muwapemphe mwaulemu kuti asewere pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene anena kuti "apa n'zodziwikiratu", imani, mufunse, mulembe. Yesani kuti zonse zikwane pa tsamba limodzi la kope.